Kufufuza sukulu ya capoeira ya gulu lathu la ku Chitakale: momwe ntchito ikuyendera

Kumapeto kwa Epulo

Gulu lathu la achinyamata ochita masewera olimbitsa thupi, limene limakumana Loweruka lililonse pabwalo la sukulu ina ya pulayimale kuno ku Chitakale, lagwirizana kuti chaka chino liyambe kuphunzira capoeira, ndipo komiti yandipatsa ine ntchito yofufuza sukulu kapena mphunzitsi woyenera. Ndizilemba pano zimene ndikupeza, kuti mamembala ndi makolo awo azidziwa kumene ndalama zoyendera zikupita komanso zifukwa zimene ndikukanira kapena kuvomerera malo amene ndawaona.

Capoeira ndi masewera a ku Brazil amene amaphatikiza kumenyana, kuvina ndi kuimba. Anawayambitsa ndi anthu akuda amene anatengedwa ukapolo kuchokera kuno ku Africa, ambiri mwa iwo kuchokera kumadera a Angola ndi Congo. Ukapolo unathetsedwa ku Brazil mu 1888, koma patangopita zaka ziwiri, mu 1890, lamulo latsopano la milandu linaletsa capoeira, moti wopezeka akusewera ankamangidwa. Zinthu zinayamba kusintha pamene Mestre Bimba anatsegula sukulu yake mumzinda wa Salvador, m'chigawo cha Bahia, mu 1932, ndipo boma linaivomereza sukuluyo mu 1937. Kaseweredwe kake, kachangu ndi koimirira, kamatchedwa Regional. Mu 1941 Mestre Pastinha anayamba kutsogolera sukulu ina mumzinda womwewo, yosunga kaseweredwe kakale ka pansipansi ndi kochenjererana kamene kamatchedwa Angola. Magulu ambiri a masiku ano amatenga mbali zonse ziwiri.

Mbiri imeneyi ndaiika poyamba chifukwa ndiyo ikundipatsa funso loyamba lofunsa mphunzitsi aliyense: anakuphunzitsani ndani, ndipo iyeyo anaphunzitsidwa ndi ndani? Mu capoeira munthu sadzipatsa yekha udindo. Amakwezedwa ndi wamkulu wake, kuchoka pa wophunzira wamba kufika pa instrutor, kenaka professor, contramestre, ndipo pomalizira pake mestre, udindo umene m'magulu odziwika munthu amaufikira patatha zaka zoposa 20 akusewera ndi kuphunzitsa. Mphunzitsi amene sangathe kutchula wamkulu wake ndiye kuti palibe womuwongolera akalakwitsa, ndipo cholakwika chakecho chidzalowa m'matupi a ana athu.

Chachiwiri chimene ndizikayang'ana ndi bwalo. Osewera amaima kapena kukhala mozungulira, bwalo limeneli amalitcha roda, ndipo awiri amalowa pakati n'kumasewera motsatira kulira kwa chida chooneka ngati uta chimene amachitcha berimbau. Chida chimenechi ndicho chimalamula liwiro la masewera, nthawi yolowa ndi nthawi yolekeza. Pamene palibe bwalo ndi nyimbo zoimbidwa ndi anthu pamalo pomwepo, pakhoza kukhala masewera abwino ndithu, koma si amene gulu lathu landituma. Za mtunda ndi ndalama ndizinena m'tsogolomu, chifukwa zimenezo zimadziwika bwino munthu akayenda.

Pakati pa Meyi

Ndayamba ndi Blantyre, popeza kuno ku Mulanje boma, ku Luchenza ndi ku Thyolo amene ndawafunsa akungodziwa aphunzitsi a karate ndi nkhonya. Mnzanga wina wogwira ntchito m'tauni anandilozera ku nyumba ina yochitira majimu kumene madzulo ena amaphunzitsa zimene amazitcha capoeira. Ndinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima, ndipo ndinafika nthawi yabwino yoti ndionerere phunziro lonse.

Malowo ndi aukhondo, pansi pake ndi pofewa bwino, ndipo mayi amene amaphunzitsa ndi waulemu komanso wodziwa kutenthetsa thupi asanayambe zolemetsa. Anaphunzitsa ginga, kayendedwe kobwerera m'mbuyo ndi mwendo umodzi kenaka winawo, mkono utateteza nkhope, kamene ndi maziko a capoeira yense. Anawonjezera matheche angapo ozungulira. Koma ophunzira onse anali atayang'ana kalilole wa pakhoma, nyimbo zinkachokera m'sipika, ndipo mpaka phunziro kutha palibe amene anayang'anizana ndi mnzake. Nditawafunsa za bwalo, mayiwo anayankha mosabisa kuti iwo si mphunzitsi wa capoeira, anangotengako mayendedwe ena kuti makasitomala awo asamatope ndi masewera amodzimodzi. Yankho limeneli ndinalilemekeza, ndipo amene akungofuna kuchepetsa thupi sangalakwitse kupita kumeneko. Ife sitingapiteko. Kuwonjezera apo, phunziro limatha kutada, nthawi imene minibasi za ku Mulanje zayamba kale kusowa, ndipo mtengo wa mwezi umodzi wa munthu mmodzi ndi woposa zimene gulu lonse limasonkha pa nthawi yomweyo.

Kumayambiriro kwa Juni

Wachiwiri ndi mnyamata wina wa ku Limbe amene makanema ake akhala akuzungulira pa WhatsApp, ndipo kunena zoona ndi makanema amenewa amene anayambitsa chidwi cha capoeira pakati pa achinyamata athu. Amaphunzitsa pabwalo la fumbi kuseri kwa nyumba zogona anthu, Lamlungu masana. Luso lake la thupi ndi losakayikitsa. Amadumpha n'kutembenuzika m'malere popanda kugwira pansi, amaima ndi dzanja limodzi, ndipo ana a m'deralo amamutsatira ngati ngwazi.

Ndinakhala naye pansi phunziro litatha. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, masewerawa munawaphunzira kuti?" Anayankha kuti anayamba ndi karate ali mwana, kenaka anakhala m'gulu la ochita zodumphadumpha pamisonkhano ndi pamaukwati, ndipo capoeira anaphunzira poonera YouTube. Zimenezi pa zokha si tchimo, popeza ambiri a ife tinaona masewerawa koyamba pafoni. Chimene chinandivuta n'chakuti pachikwangwani chake wadzilemba kuti mestre, pamene msinkhu wake sunafike n'komwe zaka 30, komanso amalonjeza kupereka chingwe cha m'chiuno miyezi itatu iliyonse kwa aliyense amene walipira. Zingwe zimenezi ndi zosonyeza pamene wophunzira wafika, ndipo mitundu yake imasiyana gulu ndi gulu. Zingwe za ABADÁ-Capoeira, gulu limene Mestre Camisa anayambitsa mu 1988, sizifanana ndi za Cordão de Ouro, gulu la Mestre Suassuna limene linayamba ku São Paulo mu 1967. Choncho chingwe chimakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali gulu limene likuchiimira kumbuyo. Nditamufunsa kuti zake zimatsata gulu liti, anati mitunduyo anasankha yekha malinga ndi ulusi umene umapezeka mumsika wa Limbe.

Chinanso chimene ndinaona, ndipo kwa ine ndicho chachikulu kuposa za zingwe, ndi ndondomeko ya kaphunzitsidwe. Mwana wobwera tsiku loyamba ankamuyambitsa ndi kudumpha chagada, anzake awiri atamugwira m'chiuno, pa nthaka youma gwaa. Kulewa sanaphunzitse n'komwe. Koma mu capoeira theche silitchingidwa ndi mkono monga amachitira a karate, munthu amalilewa, kaya ponyonyomala kapena popendekera mbali imene thechelo likulowera, ndipo wophunzira amene sanazolowere kulewa sangalowe m'bwalo popanda kuvulala. Mestre Bimba anakonza magawo asanu ndi atatu a mayendedwe ochita awiriawiri, mmodzi akumenya mnzake akulewa ndi kubwezera, n'cholinga chakuti wongoyamba kumene aphunzire ziwirizi pamodzi. Pabwalo la ku Limbe ana awiri akalowa pakati, aliyense ankangoonetsa zodumpha zake patali ndi mnzake, ngati kuti winayo palibe.

Ndauza komiti kuti mnyamatayu tisamutenge ngati mphunzitsi wathu. Mamembala ena, makamaka anyamata, sanakondwe nazo, ndipo mmodzi ananena kuti ine ndikufuna masewera a nkhalamba. Ndawapempha kuti adikire mpaka tione bwalo lenileni, kenaka adzaweruze okha. Ndikuganizabe kuti mnyamata wa ku Limbeyu, atapeza womutsogolera, akhoza kudzakhala wosewera wabwino kwambiri, ndipo nambala yake ndaisunga kuti tidzamuitane tikadzakhala ndi mlendo wodziwa.

Julayi

Mwezi uno sindinayende, chifukwa chiperoni chinagwira kwa masiku ambiri ndipo thumba la gulu linali litaphwa. M'malo mwake tinaitana makolo kuti tiwafotokozere za ntchitoyi, ndipo msonkhanowo unabweretsa mafunso amene ayenera kulembedwa pano.

Mayi wina, amene ana ake awiri ali m'gulu lathu, anamva kuti m'masewerawa muli mwambo wotchedwa batizado, ndipo anafuna kudziwa ngati ana awo akabatizidwe kachiwiri m'chipembedzo chachilendo. Ndinawafotokozera kuti, "Mayi, pamwambo umenewu palibe madzi, palibe pemphero, ndipo palibe lumbiro." Ndi tsiku limene wophunzira watsopano amasewera koyamba ndi mphunzitsi wamkulu pamaso pa anthu, ndipo kawirikawiri wamkuluyo amamutchera ndale n'kumugwetsa mosamupweteka, kenaka amamupatsa chingwe chake choyamba, mwinanso ndi dzina lamasewera. Komabe sindinafune kuwabisira kuti nyimbo zina za capoeira zimatchula Mulungu, oyera mtima a mpingo wa Katolika, ndiponso mizimu ya chipembedzo cha Candomblé chimene anthu akuda a ku Bahia anasunga kuchokera ku Africa. Tinagwirizana kuti mphunzitsi aliyense amene tidzamutenge ayenera kumatanthauzira nyimbo iliyonse asanaiphunzitse, ndipo mwana amene makolo ake sakufuna nyimbo inayake aziloledwa kungowomba m'manja.

Bambo wina wachikulire, amene amaimba ng'oma m'gulu la tchopa kumudzi kwawo kufupi ndi Chonde, anamvetsera mafotokozedwe onse a bwalo, kenaka anati zimene ndikunenazi si zachilendo kwa iye. Mu tchopa anthu amavina mozungulira, ng'oma zimakhala zitatu zosiyana kukula, ndipo wovina amene samvera ng'oma amasokoneza gule yense. Ndinawauza kuti m'bwalo la capoeira Angola namonso ma berimbau amakhala atatu, lalikulu la mawu okhuthala limene limatsogolera, lapakati, ndi laling'ono limene limakometsera. Ndinawonjezera kuti bungwe la UNESCO linalemba tchopa wa Alhomwe ndi bwalo la capoeira pa mndandanda umodzi wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse m'chaka chimodzi, cha 2014. Bambowo anangoti, ngati zili choncho tipeze mphunzitsi wodziwa kuimba, chifukwa wovina amapezeka paliponse koma woimba ndiye amasowa. Ndi bambo omwewa amene anandikumbutsa kuti anthu olankhula Chipwitikizi, chilankhulo cha pafupifupi nyimbo zonse za capoeira, tili nawo pafupi kuposa Blantyre, kungowoloka pa Muloza. Mphwawo amakhala ku Milange ndipo analonjeza kuti amufunsa.

Pakati pa Ogasiti

Uthenga unabwera kuti ku Milange kuli bambo wina, mphunzitsi wa masewera pa sukulu ina ya sekondale, amene amaphunzitsanso capoeira madzulo ndi Loweruka. Tinalankhulana pafoni m'Chichewa, chimene iye amalankhula bwino monga anthu ambiri a m'boma limenelo, ndipo anandiitana kuti ndikaonerere. Ndinatenga mamembala awiri, mtsikana mmodzi ndi mnyamata uja ananena za masewera a nkhalamba. Tinakwera minibasi mpaka pa Muloza, tinadula boda pasi, ndipo kutsidya tinakwera njinga za kabaza mpaka m'tauni.

Ndisanafunse n'komwe funso langa loyamba lija, aphunzitsiwo anali atayankha kale podzidziwitsa. Anati udindo wawo ndi instrutor, anaphunzira ku Quelimane pamene ankachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo wamkulu wawo akadali komweko, pansi pa mestre wa ku Brazil amene amabwera ku Mozambique nthawi ndi nthawi kudzayendera magulu ake. Anatchula mayina onse, ndipo anandipatsa nambala ya wamkulu wawoyo kuti ndikafuna ndimufunse ndekha. Ananenanso kuti iwo alibe chilolezo chopereka chingwe kwa munthu aliyense popanda wamkulu wawo kukhalapo.

Phunziro linachitikira m'chipinda cha simenti chopanda chilichonse chokongola. Mbali yaikulu ya nthawi inathera pa ginga ndi kulewa, ophunzira ali awiriawiri, maso ali pa mnzawo. Aphunzitsi ankayendayenda pakati pawo, apa akutsitsa chigongono cha wina, apo akukankha bondo la wina kuti lisapitirire zala za phazi. Ngakhale pophunzitsa aú, kugudubuzika cham'mbali ndi manja pansi, analimbikira kuti mutu usayang'ane pansi koma uyang'ane mnzako, chifukwa munthu akakhala chadodolido ndi pamene mnzake angamugunde ndi mutu pamimba. Ongoyamba kumene anawaika pambali ndi wophunzira wamkulu, ndipo palibe amene anauzidwa kudumpha chagada. Atsikana analipo ochuluka ndithu, atavala mabuluku oyera ofanana ndi a anyamata, ndipo wothandiza aphunzitsi wamkulu pa onse anali mtsikana.

Pomalizira anapanga bwalo. Aphunzitsi anatenga berimbau, wina anatenga pandeiro, kang'oma ka m'manja kokhala ndi tizitsulo m'mbali, ndipo wina anakhala pa ng'oma yaitali imene amaitcha atabaque. Anayamba ndi nyimbo yaitali yoimba munthu mmodzi, osewera awiri atanyonyomala pansi pa berimbau osasuntha, ndipo anayamba kusewera pokhapokha gulu lonse litayamba kuvomera. Pakati pa masewera anyamata awiri anayamba kutenthetsana, matheche akufika pafupi kwambiri ndi nkhope. Aphunzitsi sanakuwe. Anangoweramitsa berimbau n'kumaimenya mobwerezabwereza pa liwu limodzi, ndipo awiriwo anabwerera kudzanyonyomala, anagwirana chanza, n'kuyambiranso mofatsa. Zimenezi ndi zimene ndinkafuna kuti mamembala athu aone ndi maso awo, kuti m'bwalo muli wolamula ndipo onse amamumvera. Kenaka aphunzitsi anapereka berimbau kwa wophunzira n'kulowa okha m'bwalo ndi kamwana ka zaka ngati 10. Anakasiyira mpata kuti kamenye, ankakalewa pang'onopang'ono, ndipo atakatchera ndale anakagwira kasanafike pansi.

Pobwerera, mnyamata wathu uja sananene zambiri, koma anafunsa ngati waya wa berimbau ungapezeke ku Chitakale. Mtsikanayo anafunsa za mtengo wa buluku.

Zovuta zilipo ndipo siziyenera kubisidwa. Gulu lonse silingamawoloke malire sabata iliyonse, chifukwa ambiri mwa mamembala ndi ana asukulu osakwana zaka 18, ndipo ndalama ya minibasi kupita ku Muloza ndi kubwerera, kuwonjezapo kabaza, ingatithere thumba mwezi usanathe. Chipata cha pamalire chimatsekedwanso madzulo, choncho maphunziro a pakati pa sabata sangatheke kwa ife. Ndiye ngakhale ndapeza sukulu imene ndikuikhulupirira, funso latsala lakuti tiphunzira nayo motani.

Kumapeto kwa Seputembala

Komiti yakambirana ndi aphunzitsi a ku Milange pafoni, ndipo tagwirizana zoyeserera kwa miyezi itatu. Iwo azibwera kuno ku Chitakale Loweruka limodzi pa mwezi, ife tiziwalipirira ulendo, chakudya chamasana ndi kangachepe kowathokoza, kamene apempha kuti kazikhala m'makwacha popeza amagula zinthu zambiri pamsika wa Limbuli. Mamembala awiri akuluakulu, amene ali ndi ziphaso zawo, azipita ku Milange Loweruka lina pa mwezi kukaphunzira ndi gulu la kumeneko, ndipo iwowa ndi amene azitsogolera kubwereza masabata otsalawo. Aphunzitsi anenetsa kuti awiriwa asaphunzitse chatsopano chilichonse, azingobwereza zimene zaphunzitsidwa kale, ndipo pasakhale bwalo pamene iwo palibe kufikira atatiloleza. Ndinaimbiranso wamkulu wawo wa ku Quelimane, mphwake wa bambo a tchopa aja akutanthauzira, ndipo anatsimikiza kuti amawadziwa ndiponso kuti wavomereza dongosololi. Za batizado anati tisazifulumirire, zidzakambidwa gulu likadzatha chaka.

Bwalo la sukulu limene timakumanapo silitithandiza mvula ikayamba mu Novembala, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa kuti matope a ku Mulanje salola munthu kuika dzanja pansi. Tapempha holo ya tchalitchi china chapafupi, ndipo akuluakulu a mpingo apempha kuti ayambe aona phunziro loyamba asanatiyankhe. Pansi pa holoyo ndi pa simenti yosalala, yopanda ming'alu, ndipo aphunzitsi ati ndi pokwanira malinga tizisesa bwino tisanayambe, chifukwa timiyala ndi timene timang'amba mapazi.

Zida zoimbira tayamba kusonkhanitsa. Ku Brazil thupi la berimbau amapanga ndi mtengo wa biriba, umene kuno kulibe, choncho aphunzitsi atiuza kuti tidule nsungwi zokhwima ndi timitengo towongoka ta bulugamu, totalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, tiziumitse pamthunzi, ndipo iwo adzasankha zimene zikupindika popanda kuthyoka. Waya amachotsa m'mphepete mwa tayala lakale la galimoto, ndipo wokonza matayala wina wa pa Chitakale watipatsa matayala awiri ulere. Zipanda zitatu zosiyana kukula, zomangirira pa ma berimbau kuti mawu ake azimveka, alonjeza kubweretsa bambo a tchopa aja, amene apemphanso kuti adzakhalepo tsiku loyamba kuti adzamve kalilidwe ka atabaque. Za mabuluku oyera tagwirizana kuti zidikire, aliyense ayambe ndi buluku lomasuka limene ali nalo, ndipo telala tidzamufunsa mtengo miyezi yoyesererayi ikadzatha. Makalata opempha chilolezo cha makolo agawidwa kale, ndipo mlembi wa gulu azilandira mayankho mpaka Loweruka lachiwiri la Okutobala, kuti phunziro loyamba lidzachitike Loweruka lotsatira.